Maliro Odikira Netiweki

Kuseri kwa mapiri amene salembedwa pa mapu a kusukulu kuli ufumu wotchedwa Tiyembekeze. Alendo amene anafikako amati anthu ake ndi aulemu kwambiri. Ine ndimati ndi otopa, koma kwa munthu woonera pa zenera la galimoto, kutopa ndi ulemu zimafanana.

Mfumu ya dzikolo inali Chosadziwa Wachitatu. Chosadziwa Woyamba anasiyira dziko njala, Wachiwiri anasiya misewu ya maenje, ndiye Wachitatuyu anafuna kusiya chinthu chonyezimira. Chaka china inabwera kuchokera ku ulendo wakunja ndi kompyuta yaikulu ngati nkhokwe, n'kuiika m'chipinda chapakati cha nyumba yachifumu, mu likulu la Mawamawa.

Kompyutayo inali ndi khalidwe lake. Madzulo ankaizimitsa kuti ipume. M'mawa akaiyatsa, sinkayamba ntchito msanga, inkayamba yafunafuna netiweki. Pa galasi lake pankazungulira kamkombero, pamwamba pake nyali yofiira ili ngwee. Ikaipeza netiwekiyo, nyali yofiira inkazima, yobiriwira n'kuyaka, ndiye ntchito yake n'kuyambika. Kuti ntchitoyo inali yotani, palibe amene ananenapo.

Mfumu inakonda kwambiri khalidwe limeneli. Inaitanitsa nduna zonse kuti zidzaonerere kamkombero kakuzungulira.

"Taonani mwambo wake," inatero. "Sichigwira kanthu chisanamve kuchokera kumwamba. Anthu anga akanakhala chonchi, bwenzi dziko lino lili patali."

A Kaphwiti, Nduna ya za Mawaya ndi Mphepo, anaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. "Mfumu, mwanena zimene tonse timafuna kuganiza."

Lamulo linatuluka sabata yomweyo. Linati tsiku m'dziko la Tiyembekeze silidzayambanso ndi tambala, chifukwa tambala sanaikidwe pa udindo ndi aliyense. Silidzayambanso ndi dzuwa, chifukwa dzuwa limadzera kaye m'maiko a mafumu ena ndipo sitidziwa zimene limamva kumeneko. Tsiku lidzayamba nyali ikabiriwira. Anazika mitengo m'misika ndi m'mphambano, n'kupachikapo nyali zolumikizidwa ku kompyuta ija. Munthu wopezeka atagwira khasu, nkhwangwa kapena chitsulo chilichonse chogwirira ntchito nyali ili yofiira, anali kulandidwa munda n'kupita ku ndende ya Khalapompo. Apolisi nawonso sankaloledwa kumanga munthu nyali isanabiriwire. Koma maso sanawaletse. Ankaloweza nkhope, n'kudzabwera nthawi yovomerezeka.

Tsono netiweki ya dziko lonselo inkachokera pa nsanja imodzi, pamwamba pa phiri la Mwaiwala. Nsanjayo inkayendera jenereta, ndipo dizilo wake ankaperekedwa wongokwanira tsiku limodzi, moti dzuwa likamalowa jenereta inkazima yokha. Woilizitsa anali a Tsokalida, nkhalamba imene makutu ake anatha ndi phokoso la injiniyo. Tsiku limene galimoto ya chimkuzamawu inabwera kudzalengeza lamulo, a Tsokalida anangoona milomo ikuyenda. Anzawo ataomba m'manja, nawonso anaomba. M'mawa mwake anakwera phiri monga mwa masiku onse, n'kukoka chingwe cha jenereta nyali ili yofiira. Jenereta inalira, nsanja inadzuka, kompyuta inapeza netiweki, nyali inabiriwira, dziko linayamba ntchito.

Zinayenda choncho kwa zaka. Aliyense ankadziwa kuti tsiku la Tiyembekeze limayambitsidwa ndi munthu wophwanya lamulo. Ogulitsa mumsika ankadziwa, apolisi ankadziwa, nduna zinkadziwa. Kungoti kudziwa kumeneku ankakusunga ngati matenda a kumalo obisika. Mkazi wa a Tsokalida, Nachanza, anayesapo kamodzi kuwafotokozera amuna akewo ndi manja. Atafika pakati anaganiza bwino, n'kuwapatsa tiyi.

A Tsokalida anamwalira m'nyengo yotentha, mango atayamba kupsa. Anagwa pakhomo pawo m'bandakucha, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja.

Tsiku limenelo, Lolemba, nyali sinabiriwire.

Pa msika wa Bwerammawa anthu anaima kunja kwa chipata ndi madengu pamutu, maso ali pa mtengo wa nyali. Dzuwa linakwera, madengu anatsika.

"Lero chimakina cha mfumu chija chikuzungulira kwambiri," anatero wogulitsa tomato.

"Chikufunafuna mwini wake," anayankha wosoka nsapato. "Mwini wake wagona pamphasa uko."

"Tsitsani mawu, achimwene. Sajeni uyo."

"Sajeniyo sanayambe ntchito. Panopa ndi munthu wamba wovala nsapato zazikulu."

"Nanga mawa?"

"Mawa lake liti? Lero lomweli silinabwere."

Wogulitsa tomato anasankha zofewa n'kuyamba kudya yekha. Anati ndi bwino ziwolere m'mimba mwake kusiyana ndi m'dengu.

Kusiwa anthu anasonkhana bwinobwino. Amayi analowa m'nyumba, abambo anakhala pansi pa mitengo. Bokosi linalipo, chifukwa a Tsokalida anakhomeratu kalekale ndipo ankasungiramo mtedza. Adzukulu okumba manda anabweranso, motsogozedwa ndi mkulu wawo a Mangulenje. Anaunjika makasu pansi n'kukhalira mipini.

Dzuwa litapendeka, Nachanza anatuluka m'nyumba, mlamu wake Nankhwazi, mlongo wa malemuwo, atamugwira pamkono.

"A Mangulenje, kumanda mwapitako?"

"Tapitako, mayi. Malo tawaona, ndi abwino, pali mthunzi. Tawayang'ana kwambiri."

"Ndiye mukumba liti?"

"Funsani agogo athu ali m'nyumbamo. Ndi iwo ankatidzutsira tsiku. Lero agona dala kuti aone ngati tili ndi nzeru."

Abambo ena anaseka chamumtima, chifukwa mdzukulu pamaliro saletsedwa pakamwa. Nachanza sanaseke.

"Kukutentha, a Mangulenje."

Mkuluyo anavula chipewa. "Ndikudziwa, mayi. Za kulira tinafunsa, akuti kulira si ntchito, lirani mmene mungathere. Koma khasu ndi khasu. Anyamatawa ali ndi minda ndi ana. Ndikawauza kuti kumbani, mawa ndikawazondere ku Khalapompo?"

Dzuwa linalowa, linatuluka, linalowanso. Ku nyumba yachifumu ankati kudakali Lolemba. Kusiwa amayi anayamba kufukiza masamba pakhomo. Amene ankakhala pafupi ndi mtembo anasunthira kukhonde, a kukhonde anasunthira pansi pa mitengo, a pansi pa mitengo anakumbukira mbuzi zimene sanazimasule. Nyimbo zinkamveka ngati zikuimbidwa m'chitenje, chifukwa zinkaimbidwadi m'chitenje.

"Mlamu," Nachanza anauza Nankhwazi, "munthu uja ndagona naye mphasa imodzi kuyambira ndili mtsikana. Sanakhalepo munthu womutsekera mphuno. Sindilola kuti anthu amukumbukire chonchi."

"Ndiye titani?"

"Ndikupita kwa mfumu."

Anaipeza mfumu ili ndi nduna zake m'chipinda cha kompyuta. Bwalo linali litakhala kuyambira tsiku limene nyali inakana. Poyamba panali nkhawa yakuti mwina msonkhano ndi ntchito, koma mfumu inagamula kuti si ntchito, ndipo palibe amene anatsutsa. Kudya nakonso kunapezeka kuti si ntchito. Za ophika sizinakambidwe. Mbale za nyama zinali mbwee, kamkombero kakuzungulirabe pa galasi.

Nachanza anagwada pakhomo n'kuomba m'manja.

"Zikomo, mfumu. Ndine namfedwa wa kumunsi kwa phiri la Mwaiwala. Amuna anga ali m'nyumba, ndipo ayamba kusintha. Ndikupempha mawu anu okha, kuti adzukulu akumbe."

A Kaphwiti anameza nyama. "Mayi, kupereka chilolezo ndi ntchito. Mubwere tsiku likayamba."

"Nanga liyamba liti, bwana?"

"Akatswiri akuti posachedwa."

Mfumu inakweza dzanja. Inkakonda anamfedwa, chifukwa sadula munthu mawu.

"Mwana wanga," inatero, "chisoni chako ndi chisoni cha ufumu wonse. Koma taona makinawa. Adikira usana ndi usiku. Kodi wawamva akudandaula? Kodi abwera kudzandigwadira? Akungozungulira mwaulemu. Ichi ndi chiyeso. Netiweki ikufuna kuona ngati mtundu uno wakhwima."

"Mfumu, amuna angawo ndi amene ankakoka chingwe."

Nduna ina inaika fupa pansi pang'onopang'ono kuti lisamveke.

"Chingwe chanji?" inafunsa mfumu.

"Ndi chisoni, mfumu," a Kaphwiti analowerera msanga. "Chisoni chimalankhulitsa. Ku Unduna kwathu sitidziwa za chingwe. Netiweki imayenda m'mphepo, ndipo mphepo ya dziko lino imamvera inu. Kunena kuti pali chingwe ndiye kunena kuti zaka zonsezi lamulo lanu lakhala likuyendera munthu woliphwanya. Alipo pano amene anganene zimenezo?"

Panalibe.

"Ndiye vuto lili m'mphepo," inatero mfumu, itakhutira. "Anthu akuigwedeza kwambiri."

Madzulo omwewo anthu anauzidwa lamulo latsopano. Kuti netiweki ipeze njira, aliyense aziyenda pang'onopang'ono, asakupize moto, asayetsemule poyera, ndipo mabodza a pamsika azinenedwa monong'ona. Wosoka nsapato uja anafunsa ngati kupuma kudakali kololedwa. Anamuyankha kuti inde, koma mosanyanyira.

Tsiku lotsatira Nachanza anabwerera kusiwa. Atafika pa mtengo wa mango wa pakhomo pake, fungo linamulonjera asanaone chitseko. Anaima pang'ono. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu, n'kutembenukira njira ya kuphiri, dzuwa lili pamutu, anthu onse akuona.

Sajeni Chikhasu, mkulu wa apolisi a deralo, anali atakhala pa mphambano. Anadzuka n'kuyamba kumutsatira.

"Mayi, mukupita kuti?"

"Kokayenda."

"Inenso. Kuyenda si ntchito."

Anakwera limodzi, namfedwa patsogolo, wapolisi pambuyo akupuma movutikira. Pamwamba panali nsanja ndi kanyumba ka malata. M'katimo jenereta inali itafunditsidwa chiguduli, thanki yake yodzaza, chifukwa a Tsokalida ankathiriratu dizilo madzulo. Nachanza anali ataionapo kambirimbiri pobweretsa chakudya, koma anali asanaigwirepo.

"Mukudziwa kuti ndikukuonani?" anatero Sajeni.

"Onani bwino, a Sajeni, mungadzamange wina."

Anakulunga chingwe kudzanja n'kukoka. Jenereta inangoti khu. Anakokanso, khu. Anakoka mpaka mpango unagwa kumutu ndipo phewa linayamba kuwawa. Anakhala pansi, misozi ndi thukuta zitasakanikirana.

Sajeni anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe ngakhale mtambo.

"Ndikanakhala ine," anatero, "ndikanayamba ndatsegula kampopi ka mafuta kali kumunsiko. Koma sindikulankhula ndi munthu. Ndikungoganiza mokweza. Tomato wa akazi anga nayenso akuwola."

Nachanza anatsegula kampopiko n'kukoka. Jenereta inatsokomola, inabuula, kenako inalira mpaka malata ananjenjemera. Anadikira onse awiri, akuyang'ana kumunsi. Patapita kanthawi, nyali ya pa msika wa Bwerammawa inabiriwira, ndipo phokoso la anthu linakwera phiri ngati la njuchi.

Sajeni anakonza chipewa, n'kukhosomola.

"Tsiku layamba. Mayi, ndakumangani."

Nachanza anabwezera dzanja pa kampopi kaja.

"A Sajeni, ndikatseka apa nyali ifiira. Ndiye inu mupezeka mwagwira unyolo, chitsulo chogwirira ntchito, pa nthawi yoletsedwa. Munda wanu uli kudambo kuja, eti? Wachonde bwino."

Sajeni anayang'ana unyolo uli m'manja mwake, n'kuyang'ana kampopi.

"Mukufuna chiyani?"

"Ndikaike amuna anga. Ndikaponya dothi, manja ndi awa."

"Tiyeni," anatero Sajeni. "Malemuwo ankandipatsa moni."

Adzukulu sanadikire kuuzidwa. Nyali itangobiriwira anathamangira kumanda, ndipo dothi linkauluka ngati likukumbidwa ndi nkhumba zam'tchire. Mtedza anaukhuthulira pamphasa, a Tsokalida analowa m'bokosi mwawo, chivundikiro chinakhomedwa msanga. Anthu amene anathawa aja anabwerera, nyimbo zinatuluka m'zitenje. Nachanza anayenda kumbuyo kwa bokosi, Nankhwazi mbali ino, Sajeni mbali inayo atavula chipewa.

Bokosi litatsitsidwa, a Mangulenje anasuzumira m'dzenje.

"Agogo, mwationetsa. Gonani tsopano. Kumeneko mukapeza kuli nyali, musaikokere chingwe, akuzolowerani."

Nachanza anaponya dothi lake. Makasu anagwira ntchito mpaka mtumbira unakwera. Ndi pamene galimoto yaikulu inaima m'mphepete mwa manda, a Kaphwiti n'kutsika atatseka kale mphuno ndi kansalu, ngakhale kuti panalibenso chotsekera.

Analankhula nthawi yaitali. Anati abweretsa chipepeso cha mfumu. Anati malemuwo, amene dzina lawo analifunsa kwa Sajeni, anali chitsanzo cha munthu womvera. Anati lero dziko lonse laona kuti kudekha kwa Chosadziwa Wachitatu kwagonjetsa mphepo, ndipo netiweki yabwera yokha itaona kuti mtundu wakhwima.

"Koma pali nkhani ina yaing'ono," anatero. "Bwalo lamva kuti mayi wina anapezeka akuseweretsa katundu wa ufumu nyali ili yofiira. Zimene anachitazo sizikukhudzana ndi kubwera kwa netiweki, zinangochitika pa nthawi imodzi. Komabe mlandu ndi mlandu. Mfumu mwa chifundo chake sim'landa munda ndipo sim'tumiza ku Khalapompo. Chilango chake n'chakuti m'mawa uliwonse, tsiku lisanayambe, azikwera phiri la Mwaiwala n'kukabwereza chimene anachitacho, kuti azichita manyazi. Bwalo lagamula kuti chilango si ntchito. Ayambe mawa."

Anayang'ana anthu, kudikira kuti aombe m'manja. Anthu ankayang'ana Nankhwazi, amene anali atagwada kale.

"Zikomo, bwana nduna. Tamva, ndipo tathokoza chifundo. Kungoti mlamu wangayu ndi namfedwa. Akachoka pano akalowa m'nyumba, ndipo satuluka, sakwera phiri, sagwira chingwe cha munthu, mpaka titam'meta. Mayi a mfumu omwe anachita chimodzimodzi."

"Ndiye m'meteni lero."

"Sameta tsiku loika maliro, bwana. Mukufuna malemuwa atsatire lumo mpaka kwanu?"

A Kaphwiti anabwerera pang'ono kuchoka pa mtumbira. "Chabwino. Mawa m'mamawa."

"Lumo ndi chitsulo, bwana, ngati khasu lomweli. Ife ndife anthu omvera. Tidikira nyali."

Nduna inayang'ana Sajeni. Sajeni anali atapeza kanthu kochititsa chidwi pa nsapato zake. Inayang'ana a Mangulenje, amene anaipatsa khasu mwaulemu, ndi manja awiri. Sinalandire. Inati nkhaniyi ikakambidwa ku bwalo, n'kukwera galimoto.

Anthu anabalalika mothamanga, aliyense kukagwira chimene akanatha tsiku lidakalipo. Ena anathamangira kuchigayo, ena kumjigo, wogulitsa tomato anakagulitsa zotsala zija pa mtengo wachisoni. Nankhwazi anamulowetsa mlamu wake m'nyumba, imene amayi anali ataisesa ndi kuizira, n'kumuyalira mphasa yatsopano.

Dzuwa likulowa, jenereta ya paphiri inatsokomola n'kukhala chete. Nachanza sanaimve. Anali atagona kale.